Anti, Ndigule Thabwa Liti?

Uthenga unalowa pa WhatsApp cha m'ma 3 koloko usiku, ndili pa ntchito, nditangomaliza kutembenuza agogo ena amene sathanso kudzitembenuza okha pabedi. Anali mwana wa mnzanga wa kutchalitchi kuno ku Leeds, mtsikana wa zaka 17 wobadwira konkuno, amene Chichewa chake amachilankhula ngati akutafuna chimanga chokazinga. Anatumiza zithunzi zinayi za matabwa a snowboard, amene munthu amaimapo n'kutsetsereka nawo pa chipale. Lina linali lapinki, lina lakuda lojambulidwa chigaza, lina la maluwa, ndipo lachinayi analizunguliza ndi mzere wofiira chifukwa akuti ndi limene amakwera katswiri wina amene iye amamuonera pa Instagram. Pansi pake analemba kuti: "Anti, ndasunga ndalama zakwana. Ndigule liti?"

Ndinamubwezera mafunso awiri. "Phazi lako n'lalitali masentimita angati? Nanga ukaima pa sikelo imati chiyani?"

Anatumiza kankhope koseka. Ankayesa ndikucheza.

Kwa amene mwangofika kumene pa tsamba lino, ndiyambe ndadzitchula. Ine ndine wa ku Dedza, kumene timadzitama kuti kuzizira kwa mwezi wa June tikukudziwa, mpaka tsiku limene unatsika ndege ku Ulaya mu January n'kuzindikira kuti zonse zija zinali kamphepo chabe. Chipale chofewa ndinachiona koyamba ndili ndi zaka 29. Thabwa ndinalikwera ndili ndi 31, mnzanga wa kuntchito atandikoka ngati mbuzi yopita kumsika, ndipo tsiku limenelo ndinakhalira pansi kambiri kuposa mmene ndinaimira. Pano papita zaka zisanu ndi zinayi. Malo anga ndi ku Castleford, pafupi ndi Leeds, m'chinyumba chachikulu chozizira ngati filiji, mmene anawaza chipale pa katsetse kosakwana n'komwe mamita 200. Anthu a kuno amene anaphunzirira m'nyumba zoterezi amatchedwa ana a mu filiji, ndipo ine ndimadziwerengera momwemo ngakhale kuti imvi zayamba kutuluka. Katsetse kafupi chonchi kamatopetsa ukamangotsetsereka, n'chifukwa chake ambirife tinathawira ku park. Park ndi pamene amaika zitsulo zazitali ngati njanji, mabokosi oterera, ndi milu ya chipale youmbidwa kuti uzidumphira. Umakwera pachitsulo n'kuterera chopingasa, umadumpha n'kuzungulira m'mwamba, umatera, ukwerenso. Usiku umodzi ukhoza kubwereza chitsulo chomwecho ka 40.

Mtsikana uja si wophunzira ayi. Anayamba ali ndi zaka 11, amazungulira m'mwamba kasanu ka zimene ine ndimatha, ndipo mantha sawadziwa. Koma zaka zonsezi wakhala akukwera thabwa la mchimwene wake, lalitali masentimita 154, lotambalala ngati chitseko. Tsono funso lake silinali la mwana wofuna chidole. Linali funso limene ine ndinalephera kuliyankha bwino pa nthawi yanga, ndipo ndinalipira ndi thupi.

Thabwa langa loyamba ndinaligula mu shopu ina imene sindiitchula. Mnyamata wogulitsa anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi kamodzi kokha, anatenga thabwa pa khoma la "za amayi," analiimika patsogolo panga, litafika pachibwano anati basi ndi limenelo. Linali la masentimita 144, lofewa, lopindikira m'mwamba kumapeto konse ngati nthochi. Sanafunse kulemera kwanga, kaya ankaopa kundichititsa manyazi. Sanayang'ane jombo zanga. Ine ndinalikonda thabwa limenelo ngati mwana woyamba. Linkandikhululukira chilichonse. Ndikatera mokhota, linkangodziwongolera lokha. Ndikaiwala kutsamira mbali yoyenera, mpeni wake wa m'mphepete sunkandigwira n'kundimenyetsa pansi ngati mmene amachitira matabwa obwereka. Pa bokosi ndinkatha kutsamira kumutu kwake n'kudzutsa mchira m'mwamba mosavutikira, anthu n'kumaomba m'manja. Zaka zitatu ndinkadziona ngati katswiri.

Kenako tinapita ku phiri lina la ku Austria, ulendo umene ndinausungira ndalama chaka chathunthu. Kumeneko milu yodumphira si ya mu filiji ayi. Umathamanga mtunda wautali, mphepo ikuliza mluzu m'makutu, umanyamuka, pansi n'kuchoka ndithu. Tsiku lachitatu ndinatera nditatsamira kumbuyo pang'ono chabe, kulakwitsa kumene ndinali nditakuchita kambirimbiri ku Castleford popanda vuto. Mchira wa thabwa unangopindika ngati chikho cha pulasitiki, thabwa n'kuthawa pansi panga ngati sopo m'bafa. Ndinagwa chagada, phii! Chipewa cholimba chinapulumutsa mutu, koma kafupa ka kumapeto kwa msana kanandikumbutsa dzina la agogo anga. Milungu itatu ndinkakhala pampando chammbali, ndipo ntchito yathu yonyamula anthu ndinaipumira.

M'mudzi wa kumunsi kwa phiri limenelo munali kachipinda kokonzera matabwa, konunkha phula lotentha. Munkagwira ntchito mayi wina wachikulire, manja ake okhakhala ngati a munthu wa kudimba. Ndinapita kuti angondithirira phula kunsi kwa thabwa, koma iwo anatenga jombo yanga, anaimanga pathabwapo, n'kulitembenuza chadodolido kuti ndione kunsi. Zala za jombo zinali zitatulukira kunja pafupifupi masentimita atatu, chidendene chimodzimodzi. Anandilozera pamene rabala wa kuzala anapereseka chifukwa chokhula chipale. Kenako anaimika thabwalo pansi, anagwira kumutu ndi dzanja limodzi, linalo n'kukankha pakati. Linapinda ngati bango. Anafunsa kuti ndimalemera bwanji. Nditanena kuti makilogalamu 76, anangopukusa mutu n'kunditsegulira pa foni kandandanda ka kampani imene inapanga thabwalo. Pa mzere wa 144, kulemera kwanga kunalibepo. Kunali kutapitirira ndi makilogalamu oposa khumi.

Kandandanda kameneko kali pa tsamba la kampani iliyonse, kwaulere, ndipo ine ndinakhala zaka zitatu osakatsegula.

Ndiye tsono mumve chifukwa chake ndinayamba ndi phazi. Mawu oti "thabwa la akazi" ali ndi tanthauzo lenileni, koma tanthauzo lake si maluwa. Akatero amatanthauza kuti thabwalo n'lopyapyala m'chiuno, chifukwa mapazi a akazi ambiri ndi aafupi, ndiponso kuti mtengo wa m'kati mwake anauperesa kuti uzipinda pansi pa munthu wopepukirapo. Matabwa ambiri a akazi m'chiuno mwake amakhala mamilimita 235 mpaka 245, pamene a amuna amayambira cha m'ma 250 kupita m'tsogolo. Mamilimita khumi amaoneka ngati nkhani yachabe mpaka utaimapo. Thabwa umaliyendetsa poligwetsera mbali ya kuzala kapena ya kuchidendene, ndipo phazi ndiye mpini wake. Likatambalala kuposa phazi lako, umachita kulimbana nalo kuti lipendekeke, limachedwa kumva, ndipo pokwera chitsulo kuchedwa kwa kamphindi komweko n'kumene kumakuphonyetsa. Limenelo ndilo linali vuto la mtsikana uja, wa phazi la masentimita 23, pa chitseko cha mchimwene wake. Likachepa, zala zimakumba pansi ukakhota mwamphamvu, mpeni n'kusiya kugwira. Limenelo linali langa, ine wa phazi la masentimita 26, lotambalala bwino chifukwa linakulira pa dothi la ku Dedza lopanda nsapato. Choyenera n'chakuti jombo itulukire pang'ono mbali zonse ziwiri, sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, basi.

Ndiye onani, tonse awiri ndife akazi, tonse timakwera park yomweyo usiku womwewo, koma thabwa limene lingamuyenere iye lingandiphe ine. Khoma la "za amayi" m'shopu limatiika m'thumba limodzi ngati mbatata.

Sindikunyoza matabwa a akazi, musandimve molakwa. Kuti apezeke anthu anachita kumenyera. Mu 1994 Shannon Dunn ndi Tina Basich ndi amene anali akazi oyamba kukhala ndi matabwa olembedwa mayina awo, la Dunn lopangidwa ndi Sims, lojambulidwa mpendadzuwa, la Basich lopangidwa ndi Kemper. Nthawi imeneyo isanafike, mkazi ankangotola laling'ono pa a amuna n'kumavutika nalo. Dunn yemweyo anakapata mendulo ya bronze ku Nagano mu 1998, chaka choyamba chimene masewerawa analowa mu Olympics. Lero makampani ena ayamba kupanga matabwa a akazi otambalala, a ife a mapazi aakulu, ndipo ndikawaona ndimamva ngati wina wandikumbukira. Koma ngati mzere wa kulemera kwako ndi phazi lako wapezeka pa thabwa lolembedwa kuti la amuna kapena la aliyense, tenga limenelo. Chipale sichiwerenga.

Za kutalika ndidutsepo msanga chifukwa n'zosavuta. Iwalani zoimika thabwa pachibwano. Thabwa silidziwa kuti mutu wako uli pati, limangomva katundu amene waliponda. Yang'ana mzere wa kulemera kwako, ndipo ngati moyo wako uli pa zitsulo ndi kuzungulira, tsika masentimita awiri kapena atatu kuti lizitembenuka msanga, bola usatuluke mu mzerewo. Komanso la park likhale lofanana kumutu ndi kumchira, lija amati twin, zomangira mapazi zili pakatikati penipeni, chifukwa theka la nthawi umatera utatembenuka, phazi losazolowera lili patsogolo. Apa palibe zokambirana.

Pamene pali nkhani ndi pa kapindikidwe. Ichi n'chimene tinakhalira nacho ine ndi mtsikana uja mpaka tiyi kuzizira, atabwera kunyumba Lamlungu masana.

Ndinagoneka matabwa anga awiri pansi m'khitchini, lakale ndi latsopano, n'kumuuza kuti agwade ayang'ane kunsi. Lakale lija pakati panakhudza pansi, mapeto ali m'mwamba, moti ukalikankha ndi chala limazungulira ngati mbale. Limeneli amati rocker. Latsopano linakhudza pansi malo awiri okha, chakumutu ndi chakumchira, pakati pali mpata woti chala n'kulowa. Limeneli ndiye camber, uta wogonekedwa chafufumimba. Ndinamuuza kuti aponde pakati ndi phazi, kenako achotse msanga. Thabwa linadumpha n'kulira pa matailosi, khwa!

Amene munatcherapo msampha wa mbewa kapena wa nkhwali mukudziwa zimene ndikunena. Umatenga kamtengo kauwisi, umakaweramitsa, n'kukakola. Mphamvu yonse yakhala m'kupindikako, ikungodikira kufwamphuka. Camber ndi chimodzimodzi. Ukaimapo umawongola utawo, ndipo ukafika pamlomo pa mulu n'kudzikankha, thabwa limakubwezera mphamvu yako yonse, kukuponya m'mwamba. Potera limakana kupinda msanga, mchira umakugwira ukatsamira kumbuyo, ndipo mpeni umaluma chipale kuyambira kumutu mpaka kumchira. Rocker ilibe msampha umenewo. Ndi yosewera nayo, yosavuta kuzunguza pansi, yachifundo, koma ukaifunsa zambiri ilibe choyankha.

Mtengo wake wa camber ndi woti sinama. Ukatera usanamalize kuzungulira, mpeni umagwira pomwepo n'kukumenyetsa pansi usanaganize n'komwe. Mwezi wanga woyamba pa camber ndinabwerera kukhala wophunzira. Zinthu zimene ndinkati ndimatha, zinapezeka kuti thabwa lakale ndilo linkandimalizira. Ndinkanyamuka mapewa atatsogola, ndinkatera miyendo itawongoka, ndipo palibe amene anandiuzapo chifukwa nthochi ija inkabisa zonse. Ndinakwiya, ndinaganiza zoligulitsa. Koma cha m'mwezi wachitatu, usiku wina ndinanyamuka pa mulu waung'ono womwe uja wa masiku onse n'kupezeka ndili pamwamba kuposa kale lonse, mpaka ndinakhala ndi nthawi yogwira thabwa ndi dzanja, kuyang'ana potera, n'kutsika mwaulemu. Kuyambira pamenepo nthochi sindinaibwererenso.

Maganizo anga ndi amenewo, ndipo ena adzanditsutsa. Ndikudziwa atsikana amene amakhala pa zitsulo zokhazokha, amakwera matabwa athyathyathya kapena a rocker, ndipo amachita zinthu zoti ine ndingoombera m'manja. Thabwa lathyathyathya limakhazikika bwino pachitsulo, limenelo n'loona. Komanso masiku ano ambiri ndi osakaniza. Capita Birds of a Feather, limene mumaliona pa park iliyonse, lili ndi camber pakati pa mapazi koma mapeto ake anawadzutsa pang'ono kuti lisamagwire mwankhanza. GNU Ladies Choice, la Jamie Anderson amene anatenga golide wa Olympics pa slopestyle, mpikisano wa zitsulo ndi milu, ku Sochi mu 2014 ndi ku PyeongChang mu 2018, linatembenuza nkhaniyi: rocker pakati, camber pansi pa phazi lililonse, ndipo mpeni wake ndi wamanomano ngati wodulira buledi kuti uzigwira pa chipale cholimba. A Bataleon anasankha njira ina, anasiya camber koma n'kudzutsa m'mbali mwa mutu ndi mchira ngati supuni. Burton Talent Scout ndi camber yosabisa mawu. Onsewa ndi matabwa enieni, ndipo angapo ndinawakwerapo masiku amene makampani amabweretsa matabwa oti anthu ayese. Koma kwa munthu amene wakwera zaka zisanu ndi chimodzi, amene akufuna milu ikuluikulu, ine ndimati pansi pa mapazi pakhale camber, zina zonse n'zokometsera.

Ndinamufunsa mtsikanayo kuti, pa maulendo khumi otsika, angati amathera pa chitsulo ndipo angati pa mulu. Anayankha msanga kuti milu. Ndinati ayi, usandiuze zimene umalota, undiuze zimene umachita. Anaganiza kaye, n'kuvomera kuti ku Castleford, asanu ndi awiri mwa khumi ndi zitsulo ndi mabokosi, chifukwa ndi zimene zilipo. Ku mapiri enieni amapitako sabata imodzi pa chaka, zikayenda bwino. Funso limeneli ndi limene limasankha kulimba kwa thabwa. Wa zitsulo amafuna lofewerapo kuti azitha kulipinda n'kutsamira kumutu kapena kumchira. Wa milu ikuluikulu amafuna lolimba kuti lisagwedere pa liwiro ndiponso limugwire potera. Ambirife tili pakati, ndipo tiyenera kuvomereza kuti tili pakati.

Pa kulimba pomwepa pali msampha wina. Makampani ambiri amalemba nambala, 1 mpaka 10, koma palibe muyezo umodzi umene onse amatsatira. 5 wa kampani ina ndi 7 wa ina, ndipo 6 wa thabwa la akazi nthawi zambiri ndi wofewa kuposa 6 wa la amuna. Komanso nambalayo imaganizira munthu wa pakati pa mzere wa kulemera. Thabwa lomwelo kwa mtsikana wa makilogalamu 52 ndi mtanda wa denga, kwa ine ndi chiphaphati. Ngati mukufuna chizindikiro chodalirika kuposa nambala, werengani za nsalu ya fiberglass imene anakutira mtengo wa m'kati. Ikalukidwa mbali ziwiri, ija amati biax, thabwa limapotoka mosavuta pakati pa mapazi, zimene zimathandiza pa zitsulo. Ikalukidwa mbali zitatu, triax, limakana kupotoka ndipo limamva msanga. Akawonjezera timizere ta carbon kumapeto, kufwamphuka kumachuluka. Koma zonsezi n'zowerenga. Thabwa ulipinde ndi manja ako, ndipo mpata ukapezeka ulikwere.

Mtsikana uja anabwerera ku chithunzi chachinayi chija, cha mzere wofiira. "Koma Anti, ilo ndi limene amakwera akatswiri."

Ndimamumvetsa. Ana a kuno ali ndi anthu oti awasirire, ndipo si akutali. Katie Ormerod ndi wa ku Brighouse, pafupi pomwepa, ndipo anaphunzirira pa katsetse ka kapeti ku Halifax kopanda chipale n'komwe. Jenny Jones anatenga bronze ku Sochi mu 2014, mendulo yoyamba ya dziko lino la Britain pa chipale mu Olympics. Mia Brookes wa ku Cheshire anakhala katswiri wa dziko lonse ku Bakuriani, ku Georgia, mu 2023 ali ndi zaka 16 zokha, atazungulira kanayi kathunthu m'mwamba, chinthu chimene mkazi anali asanachiterepo bwinobwino pa mpikisano. Mtsikana wa zaka 17 akamaona zimenezo mtima suugwira. Koma anthu amenewo amauluka mamita makumi awiri n'kupitirira, pa liwiro la galimoto, miyendo yawo ndi ya anthu amene ntchito yawo ndi imeneyo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Thabwa lawo likathyoka wina amawapatsa lina. Iwe ukagula lolimba ngati lawo n'kupita nalo pa bokosi la mu filiji, udzakhala ngati wagula thirakitala kuti ulimire kadimba ka kuseri kwa bafa.

Ndipo nkhani yothyokayo si yaing'ono. Park imadya matabwa. Apa ndi pamene ine ndimasiyana ndi a m'mashopu, amene amafuna kuti ugule kunsi kwa mtundu wodula. Kunsi kwa thabwa kuli mitundu iwiri. Wina, sintered, uli ndi timabowo tosaoneka timene timamwa phula, umathamanga kwambiri ukausamala, koma ukauiwala umauma n'kuchita mbuu, ndipo ukang'ambika kukonza kwake n'kovutirapo. Winawo, extruded, ndi wochedwerapo koma sudandaula, ndipo ukakalika pachitsulo umangoyatsa kandodo ka pulasitiki kotchedwa P-tex, kudonthezera pa balalo ngati kandulo, kupala, basi. Kwa wa zitsulo za mu filiji, wachiwiriwu si manyazi ayi. Ine ndinasankha woyambawo chifukwa cha milu ya ku Austria ija: pa mulu waukulu, kuchepa liwiro n'koopsa, chifukwa ukaperewera umagwera pa thyathyathya m'malo mwa potsetsereka, ndipo maondo amalandira zonse. Choncho Lamlungu lililonse lachitatu mudzandipeza m'khitchini ndi simbi yakale yopanda mabowo, ndikusungunulira phula pa thabwa, nyumba yonse ikununkha ngati fakitale ya makandulo. Amayi atandiona pa vidiyo tsiku lina anafunsa kuti, "Mwanawe, kodi kumeneko mwayamba kusita ndi matabwa omwe?"

Amayi omwewo sindinawauzepo mtengo wake weniweni. Thabwa labwino la park, latsopano, limadya mapaundi 400 mpaka 550, osawerengera zomangira mapazi ndi jombo. Akanati amve, akanawerengera malata, ndipo akanakhoza. N'chifukwa chake ine ndimagula cha mu March kapena April, nyengo ikamatha, pamene mashopu akutsitsa mitengo kuti achotse katundu. Kawirikawiri thabwa la chaka chatha ndi la chaka chino zimasiyana chojambula chokha. Pa zojambulazo ndingonena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo pakatha miyezi iwiri ya zitsulo, maluwa ndi zigaza zonse zimafanana, zokalikakalika. Chimodzi choti muonetsetse musanalipire: matabwa a Burton ali ndi ngalande ziwiri zomangirapo m'malo mwa mabowo amene ena ambiri ali nawo, ndiye zomangira zanu zikhale ndi mbale yogwirizana nazo, mungafike kunyumba n'kupeza kuti sizikulumana.

Ena mwa inu mudzandifunsa kuti langa ndi liti. Sinditchula, chifukwa mudzathamangira limenelo ngati mmene mtsikana uja anathamangira la katswiri wake. Ndi twin ya camber, masentimita 151, m'chiuno mamilimita 248, kulimba kwa pakati kopendekera kolimba. Mapazi ndimawaika motalikirana masentimita 53, onse oloza kunja madigiri 12 ngati bakha. Manambala amenewa ndi anga, a phazi la ku Dedza ndi thupi la mayi wa zaka 40 amene nsima sanaisiye.

Tinayeza phazi la mtsikanayo pa pepala, chidendene chitagunda khoma, ine ndikulemba mzere ndi pensulo kuzala. Anakwera sikelo ya m'bafa atavala zovala zolemera. Tinatsegula kandandanda ka thabwa lililonse mwa anayi aja. Lakuda la chigaza linali la amuna, laling'ono lake linali lotambalala kuposa phazi lake, linagwa. La katswiri lija linali lolimba mopitirira zimene iye amachita, linagwa, ngakhale anachita kulira nalo mumtima. Lapinki linali rocker yofewa, mchemwali wake wa nthochi yanga, ndipo ndinamuuza kuti akaligula asadzandipatsenso moni. Linatsala la maluwa, limene iye analiika pa mndandanda pongodzazitsa. Camber pakati, mapeto odzuka pang'ono, masentimita 142, m'chiuno 237. Anati maluwawo ndi oipa ngati nsalu ya pa tebulo ya agogo. Ndinati umata zomata.

Linafika patatha milungu iwiri, ndipo anabwera nalo kwathu lili m'pulasitiki. Ndinatulutsa tupa. Atamva kuti ndikufuna kubunthitsa mipeni ya thabwa latsopano, anandigwira dzanja.

"Anti, mukupenga? Mapaundi onse aja?"

Ndinamuonetsa chipsera cha pachigongono changa. Mpeni wakuthwa ndi wabwino pa chipale, koma pachitsulo, ukaterera chopingasa, umaluma kachitsulo kalikonse kotumphuka n'kuima nji, iwe n'kupitirira wekha chamutu. Sitibunthitsa wonse, chifukwa pokhota ndi ponyamuka umafunikabe. Timangochotsa ukali kumutu ndi kumchira, kumene sikugwira ntchito pokhota, ndi kupepula pang'ono pakati pa mapazi pamene pamakhudza chitsulo. Ndinamupatsa tupayo kuti ayambe yekha. Anaigwira ngati akukapha nkhuku koyamba, anakhula kamodzi mopepuka, n'kutseka maso. Tinyenyeswa ta chitsulo tinagwera pa nyuzipepala. Ndinamuuza kuti ayendetse chikhadabo pa mpenipo: pamene chikupalika ndiye kuti mpakuthwabe, pamene chikungoterera ndiye kuti pakwana. Pofika kumchira anali akuimba.

Lachisanu lotsatira tinakumana ku Castleford. Ulendo woyamba anatsika opanda chochita, akungokhota uku ndi uku, ndipo ndinamuona akuyang'ana mapazi ake ngati si ake. Wachiwiri analunjika chitsulo chotsika chija chimene wakhala akuchikwera zaka ziwiri pa chitseko cha mchimwene wake. Anadzikankha ndi mphamvu imene anazolowera, thabwa linafwamphuka, anauluka kudutsa chitsulo chonse osachikhudza n'komwe, n'kukagwera kutsidya chafufumimba, chipale mbwee m'kamwa. Anyamata a pamzere anakuwa. Ine mtima unali m'khosi mpaka anadzuka, akulavula chipale, magalasi ali pambali.

Anakwera chingwe n'kudzaima pambali panga, akupuma mwabefu.

"Anti, limeneli likumva zonse."

"Nanga."

Anandipatsa foni yake kuti ndimujambule, anamanga phazi lakumbuyo, n'kudikira kuti mnyamata wa patsogolo achoke pachitsulo.